Mpikisano wolemba nkhani nawo ndi msika: dziwani muyeso, tsiku ndi mtengo musanalowe

Pa tsamba lino tinazolowera kukambirana mitengo ya tomato ndi kabichi ku Bvumbwe, kayendedwe ka malonda ku Luchenza ndi pa Thyolo boma, komanso mmene geni imasinthira akalandira malipiro anthu ogwira ntchito m'minda ya tiyi. Sabata ino tikamba za katundu wina amene sakwera matola, sawola, salipira chiphaso cha msika, koma ali ndi omugula ake. Katunduyo ndi nkhani zazifupi zopeka.

Mauthenga oitanira anthu ku mipikisano yolemba nkhani amafika m'mafoni mwathu kawirikawiri, ena oona, ena abodza. Pakati pa amalonda alipo amene amalemba m'kope nthawi imene makasitomala achepa, ndipo ena ali ndi ana amene anamaliza Fomu 4 omwe cholembera sichichoka m'manja. Funso lawo ndi lomwe wamalonda aliyense amafunsa asanaike mpamba pa katundu watsopano: kodi muli phindu? Yankho ndi lakuti ndalama zilimo, koma zimagwera anthu ochepa kwambiri, ndipo sizibwera mwezi ndi mwezi. Amene amapindula ndi amene amalowa ndi maso a wamalonda, kudziwa chimene wogula akufuna, kuwerengera zimene awononge, ndi kudziwa chimene akugulitsa.

Mmene mpikisano umayendera

Aliyense amene anathyolapo tiyi amadziwa kuti kudzaza dengu sikokwanira. Fakitale imafuna masamba awiri ndi kansonga, ndipo masamba okhwima amabwezedwa pa sikelo ngakhale munthu atathyola kuyambira mbandakucha. Tiyiyo akakonzedwa, wina amapita ku okushoni ya ku Limbe, kumene ogula amayamba alawa asanatchule mtengo. Mpikisano wa nkhani umayenda chimodzimodzi. Uli ndi muyeso wake, tsiku lake, ndi olawa ake.

Muyeso ndi chiwerengero cha mawu. Okonza mpikisano akanena kuti nkhani isapitirire mawu 2,000, ndiye kuti ya mawu 2,300 ikhoza kutayidwa isanawerengedwe, ngakhale itakoma bwanji. Tsiku ndi lija lotsekera kulandira nkhani. Likadutsa, msika wathetheka. Olawa ndi oweruza, amene nthawi zambiri amakhala alembi, aphunzitsi kapena akonzi a mabuku. M'mipikisano yolongosoka oweruza sapatsidwa dzina la mlembi, n'chifukwa chake malamulo amati dzina lilembedwe pa fomu yapadera, osati pa nkhaniyo. Zimenezi zimathandiza kuti wogulitsa zitumbuwa wa ku Goliati apikisane mofanana ndi mphunzitsi wa ku yunivesite.

Mipikisano ina imapereka mutu woti onse alembepo, monga za njala, za katangale kapena za nkhanza za m'banja, makamaka ngati amene akuika ndalama ndi bungwe logwira ntchito pa nkhani imeneyo. Ina imangoti lembani za kumtima kwanu. Pamene mutu waperekedwa, wogula wanena kale chimene akufuna. Kutumiza nkhani ya chikondi ku mpikisano wa za kusamala nkhalango kuli ngati kupita ndi usipa kwa munthu amene anaoda nyemba.

Malonda amenewa si achilendo

Buku limodzi mwa mabuku akale otchuka a Chichewa linabadwira mu mpikisano. Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analemba Nthondo ndi kupambana nalo mphotho ya bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London, limene linkalimbikitsa anthu a mu Africa kulemba m'zilankhulo zawo. Bukulo linatuluka mu 1933, ndipo mu 1934 linatulukanso m'Chingerezi ndi mutu wakuti Man of Africa atalimasulira Cullen Young. Nthara sanalembe za ku Ulaya. Analemba za moyo wa kumudzi umene ankaudziwa, m'chilankhulo chimene anayamwa.

M'zaka za posachedwa, bungwe la alembi la Malawi Writers Union, limene ambiri amalidziwa kuti MAWU ndipo linakhazikitsidwa mu 1995, lakhala likuyendetsa mipikisano yosiyanasiyana. Kwa zaka zingapo banki ya First Merchant Bank, imene lero ikutchedwa First Capital Bank, inkathandiza mpikisano wa nkhani zazifupi wa bungweli. Panalinso mphotho ya Peer Gynt, imene Shadreck Chikoti anapambana mu 2013 ndi buku lake la Azotus the Kingdom. Phunziro kwa wamalonda pamenepa ndi lakuti mipikisano ya m'dziko muno imadalira kampani kapena bungwe loika ndalama. Wothandizayo akasiya, mpikisano umaima. Choncho si msika woudalira ngati wa Lachiwiri kapena Loweruka umene umakhalapo sabata iliyonse.

Mitengo ya kunja

Mpikisano wakunja umene Mmalawi aliyense wa zaka 18 kapena kuposerapo angalowe popanda kulipira ndi wa Commonwealth Short Story Prize, umene umayendetsedwa ndi bungwe la Commonwealth Foundation kuyambira mu 2012. Umatsegulidwa pa 1 Sepitembala ndi kutsekedwa pa 1 Novembala chaka chilichonse. Nkhani imayenera kukhala ya mawu 2,000 mpaka 5,000, ndipo ikhale yoti sinasindikizidwepo kwina. Mayiko anawagawa m'zigawo zisanu, ndipo Africa ndi chigawo chimodzi. Wopambana m'chigawo amalandira mapaundi 2,500, pamene wopambana onse amalandira mapaundi 5,000. Nkhani yolembedwa m'Chichewa imaloledwa ikamasuliridwa m'Chingerezi. Mu 2019 mphotho ya chigawo cha Africa inapita kwa Mbozi Haimbe wa ku Zambia, dziko loyandikana nalo.

Wina ndi wa Caine Prize, umene unayamba mu 2000 ndipo mphotho yake ndi mapaundi 10,000. Uwu ndi wosiyana chifukwa mlembi satumiza yekha. Nkhani imayenera kukhala yoti inasindikizidwa kale m'Chingerezi, ndipo amene amaitumiza ndi wosindikizayo. Mmalawi Stanley Onjezani Kenani anafika pa mndandanda womaliza wa mpikisanowu kawiri, mu 2008 ndi mu 2012. Ntchito imene Kenani anaphunzira ndi yowerengera ndalama, zimene zikusonyeza kuti masamu ndi nthano si adani. Mu 2015 anapambana ndi Namwali Serpell wa ku Zambia, ndipo anagawana ndalamazo ndi anzake amene anafika nawo pa mndandanda womaliza.

Ndalama zimenezi zikasinthidwa kukhala makwacha n'zambiri, zokwanira kutsegula golosale yodzaza. Koma kumbukirani kuti mpikisano wa Commonwealth umalandira nkhani zikwizikwi kuchokera ku mayiko oposa 50, ndipo olandira ndalama ndi asanu okha. Wamalonda wanzeru satenga ngongole ku banki m'khonde podalira mphotho imene sanailandire. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Yambani mwawerengera

Ngakhale mpikisano waulere uli ndi zowonongera zake. Pali bando ya intaneti yowerengera malamulo ndi kutumizira nkhani. Pali ndalama yotaipitsa ngati mulibe foni kapena kompyuta yolembera. Pali thiransipoti ngati mukuyenera kupita pa boma kapena ku Limbe kukataipitsa. Chachikulu ndi nthawi. Maola amene mwatseka benchi kuti mulembe ndi makasitomala amene apita kwa mnzanu. N'chifukwa chake ndi bwino kulemba nthawi imene malonda agona, osati masiku a malipiro a m'maesiteti pamene ndalama ili m'manja mwa anthu.

Nanga mpikisano wofuna ndalama yolowera? Si wonse umene uli wakuba, chifukwa okonza ena amagwiritsa ntchito ndalamayo kulipira oweruza. Koma chitani masamu. Tingoyerekeza kuti kulowa ndi K5,000, mphotho ndi K100,000, ndipo alowa anthu 200. Okonza atolera K1,000,000, apereka K100,000, ndipo K900,000 yatsala m'thumba mwawo. Pamenepo wogulitsa si inu. Inu ndinu kasitomala, ndipo mwagula chiyembekezo.

Musanatumize kwacha iliyonse, funsani mafunso awa. Kodi okonza ndi ndani, ndipo ali ndi ofesi kapena bungwe lodziwika? Kodi oweruza atchulidwa mayina? Kodi amene anapambana chaka chatha akudziwika, ndipo nkhani zawo zikhoza kuwerengedwa? Kodi tsiku lolengeza zotsatira lalembedwa? Kodi ndalama ikupita ku akaunti ya bungwe kapena ku nambala ya foni ya munthu? Ngati mayankho akusowa, sungani ndalama yanu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chenjerani kwambiri ndi uthenga wonena kuti mwapambana koma muyambe mwatumiza ndalama yoti mphotho ituluke. Mpikisano weniweni sulipiritsa wopambana kuti alandire mphotho yake, ndipo sufunsa nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena TNM Mpamba. Ndi akathyali omwe aja amene amaimba foni kuti mwawina galimoto, angosintha malaya. Mphotho yeniyeni, makamaka yakunja, imadutsa ku banki, choncho mufunika akaunti ya dzina lanu lofanana ndi limene lili pa chiphaso cha unzika.

Kodi mukugulitsa chiyani?

Mukagulitsa mulu wa tomato, tomatoyo wapita. Nkhani ndi yosiyana, chifukwa ikhoza kugulitsidwa kangapo: kusindikizidwa m'nyuzipepala, kulowa m'buku, kuwerengedwa pa wailesi, kusandutsidwa sewero kapena filimu, ngakhale kumasuliridwa m'chilankhulo china. Chilichonse mwa izi ndi ufulu wa mlembi umene uli ndi mtengo wake. Ufulu umenewu umatetezedwa ndi lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo bungwe limene limayang'anira za umwini wa ntchito zaluso m'dziko muno ndi Copyright Society of Malawi, COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992.

Choncho werengani ndime ya malamulo imene ikukamba za umwini. Mpikisano wabwino umanena kuti nkhani ikhalabe ya mlembi, ndipo okonza akungopempha chilolezo chosindikiza nkhani zopambana. Izi zili ngati kubwereketsa munda kwa nyengo imodzi. Koma mukawerenga kuti nkhani zonse zotumizidwa, zopambana ndi zolephera zomwe, zidzakhala za okonza mpaka kalekale, ndiye kuti mukupereka munda wonse popanda kulandira kanthu. Akhoza kutolera nkhani zanu, kupanga buku, kuligulitsa, inu osaonapo ngakhale tambala.

Sungani umboni wakuti nkhani ndi yanu. Kope loyamba lokhala ndi zofufutafufuta musalitaye, ndipo lembanipo madeti. Mukatumiza pa intaneti, sungani uthenga wosonyeza tsiku limene munatumiza. Kumbukiraninso kuti mipikisano yambiri imafuna nkhani yoti sinatulukepo. Nkhani imene munaika kale pa Facebook kuti aliyense awerenge, okonza ena amaitenga ngati yosindikizidwa. Nkhani yanu yabwino kwambiri isungeni kaye m'nkhokwe mpaka msika wake utakwana. Ndipo kukopera nkhani ya wina n'kuba ngati kuba kwina kulikonse. Oweruza akazindikira, dzina lanu lawonongeka pa msika umene anthu ake amadziwana.

Mutu wa sabata ndi sabata

Phindu lodalirika la malonda amenewa silili pa mphotho koma pa chizolowezi. Palibe amene anayamba kuphika mandasi okoma tsiku loyamba, ndipo wothyola tiyi watsopano sadzaza dengu msanga ngati amene wathyola zaka zisanu. Kulemba nako kumafuna dzanja lozolowera. Njira imene alembi ambiri agwiritsa ntchito ndi yopatsana mutu umodzi sabata iliyonse, aliyense kulemba kankhani kakafupi, kenako kukumana ndi kuwerengerana.

Umu ndi mmene alembi otchuka a dziko lino anakulira. Mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi a ku Chancellor College anayambitsa gulu la Writers Group limene linkakumana sabata iliyonse kuwerenga ndi kuunika zolemba za mamembala ake. M'gululi munadutsa anthu monga Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Frank Chipasula ndi Steve Chimombo. Munalibe mphotho ya ndalama. Chimene ankapatsana chinali makutu ndi chidzudzulo, pa nthawi imene kulemba mosasamala kunkalowetsa munthu m'ndende.

Gulu lotere silifuna yunivesite. Amalonda amadziwa kale kuyendetsa gulu lokumana sabata ndi sabata, chifukwa ndi mmene banki m'khonde ndi chipereganyu zimayendera. Anthu asanu kapena asanu ndi atatu ndi okwanira. Sankhani tsiku limene si la msika. Mutu uziperekedwa mosinthana, ndipo ukhale wa chinthu chogwirika: sikelo yonama, ngongole ya pa 30, basi yomaliza yochokera ku Limbe, mvula ya chiperoni itagwa tsiku la msika. Mutu wotambalala ngati chikondi kapena umphawi umasowetsa poyambira, pamene mutu waung'ono umatsegula pakamwa. Ikani muyeso wa masamba awiri a kope, kuti aliyense athe kulemba ndiponso aliyense apeze nthawi yowerenga yake.

Pounika nkhani ya mnzanu, yankhani zinthu zitatu: munthu wa m'nkhaniyi akufuna chiyani, chikumulepheretsa n'chiyani, ndipo ndi pati pamene munayamba kutopa kumvetsera. Funso lachitatuli ndi lowawa koma ndi limene limakonza nkhani. Dzudzulani nkhani, osati mwini wake. Ngati mukufuna kampikisano, kakhale ka pa mwezi kamodzi, mphotho yake kope ndi bolopeni, kuti ndalama isadanitse anthu. Gulu likatsatira izi kwa chaka, aliyense adzakhala ndi nkhani pafupifupi 50. Mwa zimenezo, zitatu kapena zinayi zidzakhala zoyenera kuzikulitsa ndi kuzitumiza kunja kwa gulu. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Katundu ali pakhomo

Ambiri oyamba kulemba amathamangira kulemba za mabwana a ku Johannesburg kapena London kumene sanapondeko. Oweruza amazindikira msanga katundu wopikula. Chimene wamalonda wa ku Thyolo ali nacho, chimene wolemba wa mu mzinda alibe, ndi zimene amaona tsiku ndi tsiku. Amadziwa mmene msika umadzadzira nyengo ya mvula pamene tiyi waphukira ndipo maesiteti monga Satemwa, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba alemba antchito ambiri, ndi mmene umazizirira nyengo yachilimwe aganyu akabwerera kwawo. Amadziwa kope la ngongole limene limadikira tsiku la malipiro. Amakumbukira mmene matenda a chisaka anathera nthochi zimene zinkaphunzitsa ana ku Thekerani ndi ku Masambanjati. Amadziwa tanthauzo la kukhala ndi kamunda kakang'ono pafupi ndi minda ya tiyi yofika kumene maso alekeza, ndipo anamva kwa agogo za thangata. Zonsezi ndi nkhani zimene sizinalembedwe mokwanira.

Koma samalani. Nkhani yopeka si malo obwezera. Mukatchula dzina lenileni la kapitawo, la mfumu kapena la kampani ndi kuwanamizira mlandu, mukhoza kukasumiridwa kukhothi chifukwa choipitsa mbiri. Sinthani mayina, sinthani malo, sakanizani makhalidwe a anthu angapo kukhala munthu mmodzi. Musaulule zinsinsi za makasitomala anu mwa njira yoti mudzi wonse uwazindikire, chifukwa mphotho ikhoza kusabwera koma kasitomala wapita.

Za chilankhulo, lembani m'chimene mumaganizira. Nkhani yamoyo ya m'Chichewa ikhoza kumasuliridwa ndi mphunzitsi kapena mwana wanu, koma nkhani yofooka ya m'Chingerezi chokakamiza palibe angaidzutse. Mukagwiritsa ntchito womasulira, gwirizanani poyamba, molemba, za gawo lake mphotho ikabwera. Musaiwalenso misika yapafupi: nyuzipepala za kumapeto kwa sabata zakhala zikusindikiza nkhani zazifupi, ndipo masamba a Chichewa monga Tamvani mu Weekend Nation ndi Tikambe mu Malawi News ndi malo oyenera kuwayang'ana kuti mudziwe zimene akonzi amakonda. Funsani kaye ngati amalipira musanatumize.

Zimene geni yanu ipindule

Ngakhale mphotho itapanda kubwera, nthawi yanu sinapite pachabe. Munthu amene waphunzira kufotokoza nkhani m'masamba awiri amadziwa kulemba uthenga wamalonda wa pa WhatsApp umene anthu amauwerenga mpaka kumapeto. Amadziwa kulemba kalata yomveka yopempha ngongole, kapena yodandaula ku khonsolo za ukhondo wa pa msika. Amatha kulemba maminitsi a komiti ya msika opanda mkangano pambuyo pake. Ndipo chizolowezi chotsegula kope tsiku lililonse ndi chomwecho chimene chimafunika polemba zolowa ndi zotuluka za geni, chinthu chimene amalonda ambiri chimawavuta.

Amene akufuna kuyesa mpikisano wa Commonwealth, ndondomeko yake ikhale iyi. Yambitsani gulu tsopano. Pofika Julayi sankhani nkhani imodzi imene anzanu anaimvetsera osatopa. Mu Ogasiti ikulitseni ifike mawu 2,000, ipatseni anthu awiri aiwerenge, ndipo ngati ndi ya Chichewa imasuliritseni. Mu Sepitembala werengani malamulo a chaka chimenecho, chifukwa amatha kusintha, ndipo tumizani mwezi wa Okutobala usanathe, osadikira tsiku lomaliza pamene netiweki kapena magetsi angakukhumudwitseni. Mukatumiza, bwererani pa benchi, tsegulani geni, ndipo lembani za mutu wa sabata yotsatira.